Woyeza Nyenyezi Zokalamba ndi Chaka Chimodzi Chimene Anabwereka

Anamfedwa, akuluakulu a mpingo, a kuntchito kwa malemu, abale ndi anansi nonse, tikupempha makutu anu.

Mbiri iyi yalembedwa ndi mlongo wa malemu m'mawa uno, ndiye pena mawu akapunduka mukhululuke, dzanja linali lonyowa. Asanakhale pansi kuti alembe anali atasesa bwalo mwakhalapoli, atadzaza migolo ya madzi kuseri, atatsuka mbale za dzulo, atapukuta mipando yobwereka, atasita suti imene malemu avala, atasambitsa mapasa a malemu pamodzi ndi khanda lake lomwe, ndiponso atachapa yunifolomu ya mwana wake wamkazi n'kuiyanika pachingwe cha kuseri kwa khitchini. Wapempha chinthu chimodzi chokha, kuti wowerenga awerenge monga zalembedwera, asadumphe ndime ngakhale wina atsokomole.

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1979. Bambo awo anali telala wa pakhonde la sitolo, mayi awo ankagulitsa masamba pamsika. Ana amene anakula m'banjamo ndi awiri. Mlongo wawo anadzabadwa patapita zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, makolo atataya kale mtima, choncho iye sanawadziwe ngati mnzake wosewera naye. Anawadziwa ngati achimwene obwera pa holide atanyamula mabuku m'malo mwa switi.

Sukulu anaiyamba mu 1985. Kuyambira ali wamng'ono anali munthu woyenda maso ali kumwamba. Akatumidwa ulusi kusitolo kutayamba kuda, ankabwerako mawondo atasupuka chifukwa chogwera m'ngalande, ulusi ataiwala. Bambo awo ankati mwana uyu mutu anausiya kuthambo, mapazi akudziyendera okha. Koma m'kalasi panalibe wowaposa. Anapita kusekondale mu 1993, ndipo mu 1997 anasankhidwa kupita kuyunivesite kukaphunzira masamu ndi sayansi. Chaka chimenecho bambo anagulitsa makina amodzi mwa makina awo awiri osokera, ndipo sanadandaulepo. Malemu anamaliza mu 2001, anaphunzitsako kusekondale, kenaka mu 2003 anapita kunja kukaphunzira za nyenyezi. Anabwerako mu 2005 n'kuyamba kuphunzitsa payunivesite, pamene agwira ntchito mpaka tsiku lawo lomaliza.

Ambiri mwa inu mwakhala mukunong'onezana kuti kodi kwenikweni ankagwira ntchito yanji. Ena munkawaimitsa panjira kuwafunsa ngati mvula igwe mawa, iwo n'kumayankha kuti funsani amalume, bondo lawo limadziwa bwino kuposa ine. Mlongo wawo aifotokoza ntchitoyo monga anaimvera yekha.

Kuthamboku kuli magulu a nyenyezi ounjikana mobulungira ngati mpira, gulu limodzi nyenyezi masauzande mazanamazana. Nyenyezi za gulu limodzi zinabadwa pafupifupi nthawi imodzi, zaka zoposa mabiliyoni khumi zapitazo, dzuwa lathuli lisanakhaleko n'komwe. Nyenyezi ndi moto, ndipo moto umadya. Zikuluzikulu zolemera zimayaka mwaukali, buluu ngati lawi la chitofu cha gasi, n'kutha msanga. Zing'onozing'ono zimayaka pang'onopang'ono ngati makala okwiriridwa ndi phulusa. Nyenyezi ikayandikira mapeto ake imafufuma, imafiira, kenaka imataya zakunja zonse n'kutsala kakhala kakang'ono koyera kamene kamanka kazirala. Ndiye ukafuna kudziwa zaka za gulu, umayang'ana kuti mwa zimene zikuyakabe bwinobwino, zolemera kwambiri ndi ziti, monga mayi amadziwira nthawi imene moto unakolezedwa poona nkhuni zimene zatsala. Imeneyi ndiyo inali ntchito ya malemu, kuyeza ukalamba wa moto wakutali. Nthawi zambiri ankaigwira masana, pakompyuta, ndi zithunzi zochokera ku makina akuluakulu oonera kuthambo amene ali pamwamba pa mapiri akutali. Babu la m'bafa likapsa ankadikira mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo, kuti adzasinthe.

Mu Ogasiti 2008 anamanga banja ndi mayi amene akhala apawa, namwino wa pachipatala chachikulu. Mu 2009 bambo anamwalira, ndipo kumayambiriro kwa 2010 mayi anatsatira. Chaka chomwecho cha 2010 Mulungu anawapatsa mwana woyamba, wamwamuna, komanso malemu anapeza mwayi wopitanso kunja kukachita maphunziro apamwamba kwambiri a udokotala. Alamu, akazi a malemuwo, ankagwira ntchito yosinthana, sabata ino masana, sabata yamawa kugona komweko. Khanda linalibe wolisiyira.

Nthawi imeneyo mlongo wawo anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali Folomu 2 pasukulu yogonera komweko, ndipo masamu ankawakhoza monga ankakhozera achimwene ake. Malemu anapita okha kusukuluko, atavala tayi, n'kukalankhula ndi ahedi mwaulemu wonse. Anatuluka naye atanyamula okha sutikesi yake pamutu, kuti anzake aseke, ndipo iyenso anaseka. Pageti anamuuza kuti, "Chemwali, ndibwereke chaka chimodzi chokha. Malo ako ahedi akusungira." Iye anavomera ndi mtima wonse. Makolo kunalibe, achimwene ndiwo anali bambo, ndipo chaka chimodzi kwa mwana wa zaka khumi ndi zisanu chimaoneka ngati chinthu chimene ali nacho chambiri.

Matiresi ake anayalidwa m'chipinda chowerengera cha malemu, pakati pa desiki ndi shelefu ya mabuku. Pakhoma pamwamba pa mutu wake panali chipepala chachikulu chodzaza timadontho, kadontho kalikonse nyenyezi imodzi ya gulu limodzi, zoikidwa molingana ndi mtundu wake ndi kuwala kwake. Timadontho tambiri tinandandalika mumzere umene unkakwera n'kukhota ngati mpini wa ambulera. Koma pambali, pamalo pamene panayenera kukhala poyera, panali timadontho tina tochepa totayika. Iye ankapukuta fumbi pachipepalacho Loweruka lililonse, ndipo poyamba ankaganiza kuti timeneto ndi ntchito ya ntchentche.

Mu Disembala 2011 malemu anabwera ku holide. Chaka chija chinali chitatha ndi kupitirira, ndipo mlongo wawo anali atalongedza kale mabuku ake m'katoni. Tsiku lina akusita malaya m'chipinda chomwecho anawafunsa za timadontho totayika tija. Malemu anasangalala ngati mwana, mpaka anaimirira pampando kuti aloze bwino. Anati timeneto ndito tinawapititsa kunja. Ndi nyenyezi zowala, za buluu, zooneka zachinyamata pakati pa nkhalamba zokhazokha. Mwa kulemera kwake zinayenera kutha kalekale, koma zilipo, zikuyaka ngati zabadwa dzulo. Anati zina zimatero chifukwa chowombana ndi zinzake m'kati mothithikanamo, koma zambiri zimakhala ndi inzake yoyandikana nayo, yobadwira pamodzi. Inzakeyo ikafufuma, iyi imayamba kukoka mpweya wake pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, n'kumanenepa, n'kumawala, n'kubwerera ku unyamata.

Mlongo wawo anafunsa kuti nanga inzakeyo imatha bwanji. Malemu anayankha kuti imeneyo imatsala kakhala kakang'ono, kovuta kukaona chifukwa kamabisika m'kuwala kwa inzake, ndipo anati, "Ife timayeza yowalayo." Atatsika pampando anayang'ana kolala ya malaya n'kunena kuti pakona apa sipanagone bwino. Kenaka, ngati akukumbukira kanthu kakang'ono, anati za sukulu zija tidikire chaka chimodzi chokha, zinthu zafika povuta kuzisiya.

Katoni ija inamasulidwa. Chaka chotsatira mawu anali omwewo, pafoni. Amayi a pampopi anam'patsa mtsikanayo dzina loti Chakachamawa, chifukwa aliyense akamufunsa za sukulu yankho lake linali limenelo. Ena mwa inu muli pano mumamuitanabe choncho, ndipo iye amayankha, sakwiya.

Mu 2012 kunabwera mnyamata wowotcherera zitsulo kudzaika zotchingira akuba m'mawindo a nyumba ya malemu. Ntchito ya masiku ochepa inam'tengera mwezi, chifukwa windo la kukhitchini ankangoti silinakhale bwino. Mu 2013 mlongo wa malemu anabereka mwana wamkazi n'kukwatiwa ndi mnyamatayo. Za banja lakelo alibe chodandaula. Bambo wake wa mwanayo ndi uyo waimika matenti mwakhalamowa, ndipo sanagonepo kunja kwa nyumba yake popanda chifukwa chomveka. Koma mawu amene malemu ananena pafoni atamva za mimbayo alembedwe, chifukwa anawanena kwa abale onse. Anati mwana uyu wadziwonongera yekha tsogolo, ife tinali titam'konzera zonse.

Mu 2014 malemu anabwerako ndi udokotala wawo. Panali phwando pabwalo lomwe lino. Polankhula anathokoza akazi awo, aphunzitsi awo a kunja, makolo amene anatsogola, anthu oyendetsa makina aja a pamapiri, ngakhale munthu amene ankawakonzera kompyuta. Mlongo wawo anamva zonsezi kudzera pawindo la kukhitchini lija, ali ndi mwana kumsana, akutsuka matambula. Anadikira mpaka anthu anawomba m'manja, kenaka anapitiriza kutsuka.

Tisawalande malemu zabwino zawo, chifukwa zinalipo zambiri. Mu 2019 anakwezedwa kukhala pulofesa. Aphunzitsa achinyamata ambiri, ndipo ena abwera kuchokera kutali kudzawaperekeza. Wophunzira akasowa pogona ankamugoneka pabalaza. Sankamwa, sankamenya, sankakweza mawu. Mlamu wawo atavulala diso ndi moto wa kuntchito, malemu ndiwo anathamanga naye kuchipatala ndi galimoto yawo n'kukhala pabenchi mpaka dokotala anatuluka. Ndipo mwana wa mlongo wawo ankamukonda kwenikweni. Ndiwo anam'patsa dzina loti Mafunso, chifukwa mtsikanayo sakhuta yankho limodzi. Ankamukhazika pampando wawo wozungulira, kumuonetsa magulu a nyenyezi pakompyuta, n'kumati uyu ndiye adzandilowa m'malo, enanu mukungodya.

Anzawo a kuntchito ankakonda kunena kuti apulofesa sakalamba. N'zoona. Mpaka chaka chatha analibe imvi ndi imodzi yomwe, ankakwera masitepe awiriawiri. Mu 2022 Mulungu anawaonjezera mapasa, anyamata, amene mwawaona akuthamangathamanga pakati pa mipando osadziwa chimene chachitika.

Anayamba kudwala mu Novembala 2024. Poyamba ankati ndi zilonda za m'mimba, koma mu Januwale 2025 madokotala anapeza khansa, itafalikira kale. Alamu anachita zonse zimene munthu angachite, koma ntchito sakanaisiya ndipo mapasa ankawafuna. Amene anakhala pambali pa bedi ndi mlongo wawo, khanda lake la miyezi yochepa lili kumsana. Ankawatembenuza, kuwapukuta, kuwamwetsa ndi supuni, kuchapa zofunda kumpopi wa kuseri kwa wodi. Anamwino atsopano kawiri konse anamufunsa ngati iye ndi mkulu wawo wa wodwalayo.

Tsiku lina mu Epulo malemu anapempha kuti awaikire kompyuta pamiyendo. Wophunzira wawo anali atawatumizira zithunzi zatsopano, zojambulidwa ndi kuwala kwa mtundu wina kumene maso athu saona. Anamuitana mlongo wawo kuti asiye beseni abwere. Anamuonetsa nyenyezi imodzi ya buluu ija, kenaka anamuonetsa chizindikiro chaching'ono chosonyeza kuti pambali pake pali kanthu kena kotentha, kakang'ono zedi. Anati, "Ukukumbukira unandifunsa kuti inzake ija imatha bwanji? Ndi iyi. Zaka zonsezi inali pomwepa." Misozi inkatsikira m'makutu chifukwa anali atagona chagada. Kenaka anagwira dzanja la mlongo wawo, lonyowa ndi sopo, n'kunena kuti, "Chemwali, ndinakudya. Koma Mafunso aphunzira mpaka atanena yekha kuti basi. Ndauza akuntchito, ndauza alamu ako. Ameneyo palibe adzamukhudze."

Mlongo wawo si munthu wolira pagulu. Anapita kumpopi kuja, anatsegula madzi kwambiri kuti asamveke, ndipo analira zaka khumi ndi zisanu zonse nthawi imodzi. Atabwerako anali atawakhululukira. Kuyambira tsiku limenelo ankawasamala ndi mtima wopepuka, mpaka ankawaseka kuti munthu woyeza moto wa kuthambo akulephera kuuzira tiyi wake.

Malemu anatisiya Lachitatu pa 11 Juni 2025, m'mawa, mutu wawo uli pamkono wa mlongo wawo. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi.

Mbiri ikanathera pamenepa, ndipo ikanakhala yabwino. Koma dzulo masana, mlongo wa malemu akutsuka mapoto kuseri, azakhali anabwera n'kumuuza mwachifundo kuti zovala za Mafunso asazibwezenso kwawo, angozisiya konkuno, kuti asavutike kunyamula kawiri. Iye anafunsa kuti chifukwa chiyani. Azakhali anadabwa kuti sakudziwa. Anati malemu anaitana amalume kuchipatala mu Meyi, tsiku limene iye anapita ndi khanda kusikelo, n'kuwasiyira mawu. Mawu ake ndi akuti mapasa akadali aang'ono, mayi awo sangasiye ntchito, wantchito wachilendo sangadalirike, ndiye Mafunso abwere adzakhale pano azithandiza. Sukulu aime kaye. Amalume atafunsidwa anavomera kuti n'zoona, ndipo anabwereza mawu a malemu monga anawamvera: chaka chimodzi chokha.

Umenewu unali mwezi umodzi chigwirireni dzanja lija.

Mlongo wawo sanagone nazo bwino, koma waganiza. Akudziwa kuti munthu akaona imfa amachita mantha chifukwa cha ana ake, ndipo mantha amagwira chimene chili pafupi. Akudziwanso kuti alamu sanapemphe zimenezi, anazimva dzulo lomwelo, ndipo anagwira pakamwa. Amalume alibe mlandu, anangosunga zimene anapatsidwa. Chimene chikumuwawa n'chakuti malemu sanalakwitse mosadziwa. Mu 2010 tinganene kuti sankaona. Mu Meyi ankaona bwinobwino, anali atakaloza okha kakhala kaja ndi chala chawo. Ndipo anasankha tsiku limene iye kunalibe. Mwana wawo woyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali kusukulu yogonera komweko, manja ali nawo awiri, koma dzina lake silinatchulidwe, ndipo mlongo wa malemu sakufuna kuti litchulidwe. Mwana aliyense akhale pamene ali.

Akuluakulu anena kuti mawu a munthu amene wapita saphwanyidwa. Mlongo wa malemu akuvomereza. Koma malemu asiya mawu awiri, a mu Epulo ndi a mu Meyi, ndipo onse awiri sangasungidwe. Iye monga mayi wa mwanayo, pamodzi ndi bambo wake, asankha kusunga a mu Epulo. Wazinena pano, pamaso pa anthu onse ndi pamaso pa bokosi, kuti mawa pa msonkhano wa banja pasadzakhale wonena kuti sanamve, komanso kuti pasadzakhale womutengera mwanayo pambali n'kumuuza kuti amalume ako anakupempha. Mafunso ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Akauzidwa choncho adzavomera ndi mtima wonse. Mayi ake akudziwa.

Za mapasa, sanasiyidwe. Mlongo wa malemu azibwera yekha masiku amene alamu akugona kuntchito, monga wakhala akuchitira. Masiku enawo pafunika munthu wamkulu wolembedwa ntchito, wolipidwa, amene akatopa angathe kunena kuti ndasiya. A kuntchito kwa malemu afunsa kangapo kuti tingathandize bwanji. Nkhata zamaluwa taziona ndipo n'zokongola. Yankho la funso lanu ndi limeneli.

Malemu asiya mkazi, mwana wamwamuna wamkulu ndi mapasa. Asiya mlongo mmodzi, mlamu, ndi ana awiri a mlongo wawo. Asiya amalume, azakhali, ndi ophunzira ambiri amene apitirize kuyeza nyenyezi zija, ndipo tikuwapempha kuti akamayeza yowalayo aziyang'anako ndi pambali.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a wodi ya amuna, makamaka amayi okolopa amene ankamugwirira khanda mlongo wa malemu akamawatembenuza. Tikuthokoza a yunivesite chifukwa cha bokosi ndi galimoto, a mpingo chifukwa cha nyimbo ndi mipando, anansi chifukwa cha nkhuni ndi madzi, ndi amayi a pampopi amene aphika osakhala pansi.

Pamaliro anthu amafuna kudziwa kuti zonse zadya chiyani, ndiye tinene. Bokosi, galimoto ndi manda alipira a kuntchito. Chakudya chachokera m'zopereka zanu ndipo chakwana, ngongole palibe. Maphunziro a malemu anadya makina osokera a bambo, anadya miyendo ya mayi pamsika, anadya tulo ta alamu. Anadya Folomu 2, Folomu 3 ndi Folomu 4 ya mlongo wawo, ndi zonse zimene zikanabwera pambuyo pake, zimene palibe angazidziwe. Zonsezi zinaperekedwa, sizikufunidwanso, ndipo mlongo wawo sakuwawerengera kumene apitako. Koma zathera pomwepa.

Achimwene, gonani mumtendere, Mulungu akulandireni ndi chifundo chimene tonse tidzachifune. Ana anu tiwasamala. Yunifolomu ija ikauma isitidwa madzulo ano, ndipo Lolemba m'mawa Mafunso akupita kusukulu.